Ndinkafa Lachinayi Lililonse ku Tete

Anthu akandifunsa kuti ku Tete ndinkagwira ntchito yanji, ndimati ndinkakolopa m'chipatala. Si bodza, ndinkakolopadi. Koma Lachinayi lililonse masana ndinkatsamiritsa chokolopera kukhoma, kuvula masilipasi, kukwera pakama, n'kuyamba kufa pang'onopang'ono anamwino khumi ndi awiri atandizungulira. Zimenezi sindikonda kuzinena, poti kwathu munthu wabwinobwino sadzigoneka ngati wodwala, amati ukudziitanira. Lero mvula yandiletsa kupita kudimba, mwana ali kusukulu, ndiye ndati ndizilembe.

Ndinachoka kwathu ku Dedza patapita miyezi yochepa chimwalirireni bambo a Tadala. Tadala anali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga, a Esinati, omwe anali kale ndi ana awo anayi. Tsiku lonyamuka anamubereka n'kupita naye kudimba kuti asandione ndikusenza chikwama. Malemu bambo anga anali a ku Angonia, anathawa nkhondo n'kukwatira kwathu osabwereranso, ndiye mapepala a ku Mozambique ndinali nawo. Chimene ndinalibe ndi chilankhulo. Chipwitikizi sindinkachimva, Chinyungwe ndinkangotolamo mawu apa ndi apo ngati munthu wokunkha.

Kwathu kumazizira, ndiye ndinanyamuka nditavala juzi. Nditawoloka malire ndinakwera shapa, ndiwo maminibasi akumeneko. Potsika mapiri juzi ndinaivula. Pofika pa mlatho wa Zambezi ndinkalakalaka nditavulanso khungu. Kutentha kwa ku Tete sikofotokozera munthu, n'kokadzimvera wekha. Madzi amafunda okha m'ndowa, mphepo ikawomba imakhala ngati wina watsegula uvuni.

Ndinkagona m'dera lina la mzindawo, bairo ya Josina Machel, m'chipinda chimodzi azimayi asanu. Atatu anali ogulitsa tomato ndi kachewere ochokera ku Tsangano, wina ankachapira anthu ogwira ntchito ku malasha a Moatize, wachisanu ine. Mitu kukhoma, mapazi kukumana pakati. Chitseko chinali cha lata, masana unkachita kuchikankha ndi chigongono chokulunga m'chitenje. Tinkakangana za madzi, za malo oyanika zovala, koma wina akagwa ndi malungo enafe tinkamuphikira phala osayang'ana kuti ufa ndi wa ndani. Mwezi ukatha ndinkagula sopo, shuga, ndi nsomba zouma zija amati chikowa, n'kupatsira dalaivala wa lole wa kwathu kuti akatule kwa achemwali.

Ntchito ndinaipeza pa chipatala china cha eni ake, osati cha boma. Ndinali serventi: kukolopa, kutaya mabeseni, kusintha nsalu zapakama. Sabata yoyamba ndinagwetsa ndowa pakhonde la odwala, madzi n'kumwazika ponseponse. Ndinangoti, "Mayo ine, ndachotsedwa ntchito!" Kumbuyo kwanga wina anaseka.

"Iwe, kulira kumeneko si kwa kuno. Kwanu n'kuti?"

Anali namwino wamtali, wa maso oseka. Ndinati kwathu ndi ku Dedza.

"Ndiye ndiwe wa kuseri kwa nyumba yathu. Ine wa ku Ulongwe wa ku Angonia. Tenga chiguduli, tipukute abwana asanatulukire."

Anagwada ndi yunifomu yake yoyerayo n'kupukuta nane. Ameneyo ndiye mana Lusiya. Mana kumeneko ndi momwe timanenera achemwali. Anali atagwira unamwino zaka khumi, ndipo dzanja lake linali labwino. Mtsempha umene ena aufunafuna n'kuulephera, iye ankangogwira kamodzi singano yalowa. Odwala ankamukonda chifukwa ankacheza nawo, kuwatchula mayina, kuwaseketsa ngakhale ali pa ululu. Ine anandiphunzitsa manambala m'Chipwitikizi, ankandigawira ndiwo masana, ankanditcha "Mmalawi wanga".

Tsiku lina anandipeza kuseri kochapira ndikuyang'ana chithunzi pafoni. Achemwali anali atatumiza: Tadala atametedwa mpala, atavala diresi la mkulu wake lomufika m'mapazi.

"Wakoyu?"

"Eee, mana."

"Nanga akutani kumeneko, iwe uli kuno?"

"Ndimuika pati, mana? Tili asanu m'chipinda. Nanga masana atsala ndi ndani?"

"Kwathu ku bairo ya Mateus Sansão Muthemba kuli kachipinda kuseri, timasungamo makala. Amayi amangokhala tsiku lonse kukangana ndi nkhuku. Tichotsa makalawo, ukamutenge mwana. Ungodikira ndimalize kurso ikubwerayi, mutu wanga ukhale m'malo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalibe maganizo ena. Ndikamakolopa m'chipatala, mumtima ndinkakolopa kachipinda kaja. Ndinawaimbira achemwali kuti amuuze Tadala kuti mvula isanagwe ndibwera kudzamutenga.

Kurso ankanenayo anali maphunziro apamwamba a anamwino amene ali kale pantchito. Chipatalacho chinkamanga chipinda cha odwala mwakayakaya, ndiye ankafuna anamwino odziwa kuzindikira munthu amene wayamba kutsika, momwe ankanenera iwo, ndiye kuti matenda akumugonjetsa koma sanafike poipitsitsa. Okhoza ndi amene akanalowa m'chipinda chatsopanocho, udindo ndi malipiro zokwererapo. Anaitanitsa mphunzitsi kuchokera ku Beira, mayi wachikulire wamfupi, wovala wotchi yachimuna. Tonse tinkangowatchula Profesora. Mawu awo a tsiku ndi tsiku, momwe mana Lusiya anandimasulira, anali akuti odwala ambiri safa mwadzidzidzi, thupi limachenjeza kwa maola ambiri, koma ife timakhala tikuyang'ana kwina.

Panali chidole cha mphira chophunzirira, koma sichinkapuma, ndipo dzanja lake limodzi linali litasungunuka mosungira katundu. Ndiye Profesora anati anamwinowo azisinthana kukhala odwala. Lachinayi loyamba ndinkakolopa pakhomo pa kalasi, chitseko chili pululu kuti mulowe mphepo. Namwino wina wamwamuna anali pakama, akugubuduka, kubuula, kuitana amake, anzake akufa nalo phwete. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangoti, "Munthu wopita sachita phokoso choncho."

Ndinanena chapansipansi, kuuza mana Lusiya amene anakhala pafupi ndi chitseko. Koma Profesora anali ndi makutu. Anafunsa kuti serventiyo wati chiyani. Atawamasulira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi.

"Ndiye amatani? Bwera utisonyeze."

Apa ndinene za bambo a Tadala. Anadwala thupi moto, chifuwa chikubaya, tinawatengera ku chipatala chaching'ono panjinga yobwereka. Masiku awiri oyamba ankabuula, kutukwana, kukankha aliyense wowagwira. Tsiku lachitatu m'mawa anangoti zii. Ine ndinasangalala. Namwino anadutsa ndi mbale ya mankhwala, anawafunsa kuti muli bwanji bambo, iwo anati, "Ndili bwino, ndingofuna kugona." Namwino anati, "Mwaona mayi, mankhwala agwira, musawadzutse." Ndinakhala pambali pawo. Ndinaona kuti akupuma mothamanga koma mosazama, ngati kamwanapiye. Zala zawo zinkatolatola bulangete ngati akusankha nyemba. Kenako anandifunsa kuti njinga waiika pati, pomwe njinga tinali titabweza dzana. Zonsezo ndinaziona ndi maso angawa, koma sindinadziwe kuti ndikuona chiyani. Ndinatuluka kukatsuka mbale pampopi. Pobwera ndinapeza atawafunditsa nsalu kumaso, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.

Namwino uja sindimuda. Anali yekha, odwala atadzaza mpaka pansi. Ndipo inenso ndinati apeza bwino.

Ndiye nditakwera pakama m'kalasi muja sindinachite kuganiza. Ndinagona chammbali, ndinayamba kupuma momwe ankapumira iwo, zala zikutolatola nsalu. Profesora anauza mana Lusiya kuti andifunse momwe ndikumvera. Ndinati, "Ndili bwino, ndingofuna kugona." Patapita kanthawi ndinafunsa za njinga. Palibe anaseka. Profesora anafunsa kalasi kuti mukuona chiyani. Wina anati akupumula. Wina anati akubwebweta ndi tulo. Profesora anandigwira pamkono, maso pa chifuwa changa ndi pa wotchi, mphindi yathunthu. Kenako ananena liwu limodzi m'Chipwitikizi, ndipo ngakhale ine ndinalimva: akufa.

Kuyambira pamenepo Lachinayi linakhala langa, ndipo ankandiwonjezera kangachepe pa malipiro.

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ndinaphunzira zambiri ndili chigonere. Namwino akafika pa wodwala ayambe waona ngati njira ya mpweya ili yotsegula, kenako kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi, kenako ngati mutu ukugwira, pomaliza avundukule aone thupi lonse. Osadumpha, osayambira pakati. Ankandifinya chikhadabo kuti aone magazi abwerera msanga bwanji, kundiyang'ana milomo, kundifunsa kuti ndakodza liti, ndiponso ngati ndikudziwa kumene ndili. Zimene sindikanatha kunamizira, monga kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, Profesora ankazilemba pa timakadi, ndipo ankaonetsa kakadiko pokhapokha namwino atayezadi. Koma kupuma kunali kwanga. Pamenepo panalibe kakadi. Ankayenera kuima, kuyang'ana chifuwa, kuwerenga mphindi yathunthu.

Apa ndi pamene panali nkhondo. Anamwino akale onse anali ndi chizolowezi chimodzi: pa malo olemba kapumidwe ankangolemba vinte, ndiye kuti makumi awiri, osawerenga. Munthu akangooneka kuti akupuma, vinte. Nthawi imeneyo Chipwitikizi ndinali nditayamba kuchimva, ndiye ndinadzimvera ndekha tsiku limene Profesora anabweretsa mapepala a odwala a sabata yonse n'kuwayala patebulo.

"Taonani chozizwitsa," anatero. "Mzinda wonse wa Tete, nkhalamba ndi anyamata omwe, ukupuma mofanana." Anaseka onse, mwamanyazi. "Kupuma ndiko kumayamba kusintha, makina asanalire. Mphindi imodzi yokha, ana anga. Mukuisungira chiyani?"

Ankaphunziranso kuitana dokotala. Anamwino ankaopa madokotala, akaimba foni ankayamba n'kupepesa, kuzungulirazungulira. Profesora ankatembenukira kukhoma, dzanja kukhutu, n'kusanduka dokotala waukali amene wasokonezedwa pa chakudya. "Ukufuna chiyani? Mupatse mankhwala a mutu, ndimuona mawa." Namwino ankayenera kunena zinayi motsatana: wodwala ndi ndani, anabwera ndi chiyani, ndapeza chiyani, ndipo ndikufuna mubwere tsopano lino. Wina akanjenjemera n'kuvomera kuti chabwino adokotala, Profesora ankaweramira kwa ine. "Mwamva mayi? Akuti mufe kaye, abwera mawa." Ndinkachita kuluma nsalu kuti ndisaseke.

Kufa n'kotopetsa, ngakhale kwabodza. Ukapuma mothamanga nthawi yaitali mutu umazungulira, zala zimachita dzanzi, kukamwa kumauma gwa. Ankanditembenuza, kunditukula, kundiveka chophimba pamphuno chonunkha mphira. Akamaliza iwo ankapita kukamwa tiyi, ine kutsika, kuvala masilipasi, kukatenga chokolopera pomwe ndinachisiya. Ndikafika ku Josina Machel anzanga aja ankandilandira ndi chipongwe. "Afika malemu! Lero mwafa ndi chiyani, mayi?" Wochapa uja yekha sankaseka. Lachinayi sankadya nane mbale imodzi, ankati zimenezo n'zamalodza. Chimene sindinawauze n'chakuti Lachinayi lililonse ndinkawaikanso m'manda bambo a Tadala. Ndinkapirira poganiza kachipinda ka makala.

Mana Lusiya kurso inkamuvuta. Osati za m'mabuku, zimenezo ankakhoza. Vuto linali mtima wake womwe uja. Wodwala akalira, miyendo yake inkathamangira komweko yokha. Wodwala akati ndili bwino, ankamukhulupirira, kumusisita paphewa, n'kupita. Kawiri konse anandisiya ndikufa ali kalikiliki ndi wobuula. Profesora anamuuza pamaso pa onse kuti, "Lusiya, amene akukuwa ali ndi mpweya wokuwira. Uziopa amene wakhala chete."

Mayeso omaliza anali otere. Makama atatu, odwala atatu: ine, bambo Zeka mlonda wa pageti, ndi mayi wina wa kukhitchini. Awiriwo kafedwe kachete ndinawaphunzitsa ndine. Namwino aliyense alowe yekha, apatsidwe mphindi khumi. Mwa atatufe mmodzi yekha ndi amene akutsika, enawo akungodwala wamba, ndipo namwino asanalowe Profesora ankasankha mwachinsinsi kuti ulendo uno ndi uje. Wolephera adikire gulu lotsatira, chaka chamawa.

Lamulungu lomaliza mayeso asanafike, mana Lusiya anandiitanira kwawo. Anandizungulitsa kuseri n'kukankha chitseko. Makala mulibe. Pansi posesa, makoma opaka njereza, pakona kamphasa kakang'ono katsopano. Amayi ake anatulukira ndi ndodo yawo.

"Kameneko ndagulira mdzukulu wanga wa ku Malawi. Amadya therere? Ine kuno ndi therere basi."

Ndinawathokoza. Amayi atabwerera ku nkhuku zawo, mana Lusiya anatseka chitseko.

"Mmalawi wanga, ndikupemphe kanthu kakang'ono."

"Nenani, mana."

"Lachinayi ndikalowa, ngati wotsikayo ndi iwe, utulutse phazi kunja kwa nsalu. Chala chokha chikwanira. Likakhala m'kati ndidziwa kuti si iwe, ndilimbane ndi awiri enawo."

Ndinamuyang'ana.

"Usandiyang'ane ngati ndakutuma kukaba mbuzi. Ntchito ndimaidziwa, iwenso ndiwe mboni. Zaka khumi! Kungoti mayi uja akandiyang'ana ndi wotchi yake ija mutu umandithawa. Ndikalephera, ana amene ndinawaphunzitsa ndekha kubaya jakisoni adzakhala mabwana anga."

"Nanga Profesora akaona?"

"Aona chiyani? Phazi? Ku Tete kuno ndani amafunda mapazi?"

Ndinaseka, iyenso anaseka. Sananene kuti ukakana chipinda palibe. Sanali munthu wotero. Koma tinali titaima m'chipinda momwemo, kamphasa kali apo. Ndinati, "Chabwino, mana."

Lachinayi linafika, kunja dzuwa likuswa mtengo. Anamwino anayi analowa n'kutuluka, atatu anakhoza. Mana Lusiya anali wachisanu. Asanalowe, Profesora anazungulira makama, atafika pa ine anandigwira paphewa. Ndiye kuti wotsika ndi ine.

Bambo Zeka anapatsidwa mwendo wothyoka, ndipo anaugwiritsa ntchito ndithu. Chitseko chisanatseguke n'komwe anali atayamba kale kuitana makolo awo onse m'Chinyungwe. Mayi wa kukhitchini ankadzikoka ngati wofuna kusanza. Ine ndinagona chammbali pakama wachiwiri, nsalu mpaka kumapazi, n'kuyamba kupuma kuja.

Analowa. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Asanapereke n'komwe moni, maso ake anapita kumapazi anga. Phazi linali m'kati. Anayang'ananso kachiwiri. M'kati. Anafika pa ine, anandisisita paphewa monga mwa masiku onse.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, ndingofuna kugona."

Zala zanga zinali zikutolatola nsalu pamaso pake penipeni, chifuwa chikukwera n'kutsika mothamanga. Mumtima ndinkakuwa kuti mana, wotchi muli nayo pamkono, imani mphindi imodzi yokha. Ndinamva cholembera chikukanda papepala. Sindinachite kuona, ndinadziwa chimene walemba. Kenako mapazi ake analunjika kwa bambo Zeka.

Ndinafunsa za njinga. Ndinafunsa mokweza kuposa masiku onse, kawiri. Bambo Zeka ankakuwa, mwina sanandimve. Kapena anamva, koma phazi linali litamuuza kale zina. Profesora anangoima pakona, timakadi tanga tili m'manja, popanda womuonetsa. Mphindi khumi zitakwana anati, "Basi. Wa pakama wachiwiri wasiya kupuma."

Anandipeza kochapira tisanaweruke, ndikutsuka mabeseni. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Phazi?"

"Ndinaiwala, mana."

"Unaiwala phazi lako lomwe."

"Ndikagona paja mutu umapita kwina, mana. Pepani."

Iye anati, "Ukanangondiuza Lamulungu lija kuti sungathe. Bwenzi nditawerenga."

Pamenepo ananena zoona, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Ndikanakana m'kachipinda muja akanakwiya, koma akanalowa m'mayeso akudziwa kuti ali yekha. Ine ndinavomera, ndiye phazi lofundidwa lija linamunamiza.

Za chipinda sanazitchulenso, inenso ndinalibe nkhope yofunsira. Patapita milungu iwiri ndinapita ndekha ku Mateus Sansão Muthemba ndi papaya m'manja, kuti mwina tikambirane. Iye kunalibe, kapena analipo. Amayi ake anandilandira pakhonde, anandipatsa madzi akumwa, anandifotokozera za nkhuku imene yathawitsa mazira. Chitseko cha kuseri chinali chotsegula, matumba a makala atafika kudenga. Ndinasiya papaya n'kutsanzika.

Ndinawaimbira achemwali kuti chipinda chija chapezeka kuti chimadontha, eni ake akuti akonze kaye. Iwo anati, "Nanga mwanayu titani naye? Wamanga kale kamtolo ka zovala zake, akugona nako." Ndinati, "Mumasulireni pang'onopang'ono."

Ndinayesa kufuna malo ena. Kumene ndikanakwanitsa kunalibe womusunga mwana masana, kumene kunali womusunga sindikanakwanitsa. Ndinakhala ku Josina Machel zaka zina ziwiri. Anzanga a tomato anasinthana, ena kupita ena kubwera, wochapa uja anabwerera kwawo chifuwa chitamuvuta. Miyezi yotentha tinkanyowetsa zitenje n'kuzifunda zonyowa zomwezo. Ndikaimba foni kumudzi, poyamba Tadala ankafunsa kuti mubwera liti. Kenako anasiya kufunsa. Kenako achemwali ankangoti ali kosewera, ine ndikumumva akupuma pambali pawo.

Patatha chaka chichitikireni mayeso aja, gulu lina linayamba, mana Lusiya ali momwemo, atakhala kumbuyo kwa kalasi. Chichitikireni zija sanandilankhulenso Chinyanja. Tikakumana pakhonde ankangondipatsa moni wa Chipwitikizi, bom dia, ngati kwa serventi wina aliyense. Tsiku la mayeso ake achiwiri wotsika sanali ine, anali mayi wa kukhitchini. Komabe anafika pakama wanga, osasisita, osaseka. Anandigwira pamkono, maso pa chifuwa changa ndi pa wotchi. Sindinkadziwa kuti mphindi ndi yaitali choncho, mpaka munthu amene anali ngati m'bale wanga anaiwerengera pathupi panga osandiyang'ana kumaso. Analemba, anapita kwa bambo Zeka, anawerenga, anapita kwa mayi uja, anawerenganso, n'kuitana dokotala ndi mawu osanjenjemera. Anakhoza kuposa onse. Ndimamva kuti pano ndi iye amene akuyang'anira chipinda chija, ndipo namwino akalemba vinte amamubweza kuti akawerenge iye akuona.

Wina angaganize kuti pamenepo tinagwirizananso. Ayi. Sanabwere kudzandithokoza, ndipo panalibe chondithokozera.

Ntchito yanga ya Lachinayi inatha chipatala chitagula chidole china, chopuma ndi magetsi, chotha kutsokomola ndi kubuula. Profesora anabwerera ku Beira, pochoka anandisiyira nsalu imodzi n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ine ndinatsala ndi chokolopera chokha. Kenako achemwali anakhala ndi pakati pena povuta, alamu anati ana achuluka pakhomo, aliyense asamale wake. Ndinamanga katundu.

Ndinafika kwathu masana, ana ali pabwalo akusewera fulaye. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, bambo ake enieni, mano akutsogolo ataguluka. Achemwali anati, "Tadala, bwera udzalandire katundu wa amayi ako." Anabwera, anagwada, analandira chikwama ndi manja awiri ngati kwa mlendo. Kenako anatembenukira kwa achemwali n'kufunsa, "Amayi, amayi a ku Tetewa agona kuti?"

Mpaka lero ndi momwe amanditchulira akaiwala. Tikukhala awiri m'nyumba ya malemu amayi, ndimamuphikira, ndimamuluka tsitsi, sakana. Koma akapunthwa chala amathamangira kwa achemwali. Ndimangomuyang'ana akupita. Kudikira ndimatha.

Kwa mana Lusiya ndinati ndinaiwala. Kwa achemwali ndinati chipinda chimadontha. Pepala lokhali ndiliuze zoona. Sindinaiwale. Pamene chitseko chinkatseguka, phazi linali litafika kale m'mphepete mwa nsalu, mphepo ya fani ndinaimva pa chala. Ndiye ndinaganiza za chipinda chatsopano chija, ndi anthu amene adzagonamo. Wodwala weniweni satulutsa phazi. Ndinalibweza ndekha.

Kaya ndinachita bwino kaya ayi, ndatopa n'kudzifunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlandu umenewu analipira ndi Tadala, zaka ziwiri zathunthu, ndipo iye palibe anamufunsa.